Mbiri ya Malemu Internet Explorer, Amene Akukana Kugona

Anthu ndi osayamika. Pa 15 June 2022, kampani ya Microsoft itapumitsa Internet Explorer pantchito imene adaigwira zaka pafupifupi 27, opanga mawebusaiti adaomba m'manja ndi kululutira. Ku South Korea injiniya wina adachita kugula mwala wa pamanda, n'kukauimika padenga la kafe ya m'bale wake mumzinda wa Gyeongju, atalembapo kuti malemuwa adali chida chabwino chopangira dawunilodi mabulawuza ena. Zaka zonsezo akukutsegulirani intaneti, inu chimene mwakumbukira n'chakuti ankakuperekezani kwa amene adzawalande ntchito. Ine ndakana kuti mbiri yawo ithere pamwala umenewo.

Komanso kumeneko sikudali kuikidwa koyamba. Mu March 2010 kampani ina yopanga mawebusaiti mumzinda wa Denver ku America idachititsa mwambo wa maliro a Internet Explorer 6, bokosi lilipo, olira alipo, ndipo a Microsoft eniake adatumiza maluwa. Mu 2011 a Microsoft omwewo adatsegula webusaiti yowerengera anthu amene adali akadali kuwagwiritsa ntchito, kuwachonderera kuti asiye. Malemu sadamve. Amene waikidwa kawiri koma Lolemba m'mawa mukumupeza muofesi ali pantchito, ameneyo timuvulire chipewa.

Kwa inu amene simudachezerepo usiku mukulimbana ndi tsamba la pa intaneti, nkhani yake ili chonchi. Webusaiti si chithunzi chojambulidwa kale. Ndi malangizo olembedwa: a HTML amanena kuti apa pali mutu, apa ndime, apa batani, ndipo a CSS amanena mtundu, kukula ndi malo a chilichonse. Bulawuza imawerenga malangizowo n'kumanga tsambalo pa sikirini yanu nthawi iliyonse mukalitsegula. Tim Berners-Lee, amene adayambitsa zonsezi ku CERN mu 1989, adaoneratu kuti mabulawuza akachuluka iliyonse izimva zake, choncho mu 1994 adakhazikitsa bungwe la W3C kuti lizilemba miyezo yoti onse azitsata. Tsamba lilembedwe kamodzi, lioneke chimodzimodzi paliponse. Maganizo abwino ndithu, koma ogonetsa tulo. Chilichonse chikanamayenda monga chidalembedwera, bwenzi anthu a makompyuta akucheza zotani akakumana?

Mwayi wake opanga mabulawuza, Netscape ndi Microsoft, adatimvera chisoni. Netscape idabweretsa blink, lamulo lophethiritsa malemba. Microsoft idabwezera ndi marquee, loyendetsa malemba kuchoka kumanja kupita kumanzere. Palibe adapita kukapempha chilolezo ku W3C. Mawebusaiti adayamba kupachika kachikwangwani m'munsi konena bulawuza imene tsambalo limaonekera bwino, ndipo obwera ndi ina ankadziwa okha chochita. Mpikisanowo adapambana ndi malemu. Internet Explorer 6 idatuluka mu August 2001, ndipo m'zaka zotsatira anthu oposa 9 mwa 10 alionse otsegula intaneti ankadzera mwa Internet Explorer. Atapambana chonchi adakhala pansi. Yotsatira yake, ya nambala 7, idadzatuluka mu October 2006. Adani awo amati udali ulesi. Ine ndimati kudali kukhazikika maganizo, khalidwe limene mapulogalamu a masiku ano, osinthasintha sabata iliyonse n'kumatidyera bandulo, alibe.

M'zaka zisanu zimenezo malemu adaonetsa makhalidwe amene sitidzawaonanso. Adali woolowa manja: mukalamula kuti bokosi lokankhiridwa kumanzere lisiye mpata wa mapikiselo 10, iwo ankasiya 20. Adali wokonda kusewera: ndime yonse inkatha kusowa pa tsamba, n'kudzatulukira mukalisuntha pang'ono, mpaka akatswiri adalitcha vutoli dzina la masewera a ana obisalirana. Adalinso waulemu wachikale. Chithunzi cha PNG chokhala ndi mbali zoonekera mkati ankachifunditsa nsalu yotuwa kumbuyo, poti zovala zoonekera mkati iwo sankagwirizana nazo. Ndipo mankhwala a matenda ambiri mwa amenewa adali kalamulo kakuti zoom: 1, kotanthauza kuti chinthuchi chikulitsidwe kamodzi, ndiye kuti chisiyidwe momwe chilili. Lamulo losalamula kanthu ndilo linkachiza. Wopanga webusaiti ankalilemba asakudziwa chifukwa chake likugwira, n'kukalandira malipiro ake mwamtendere. Ndani angawerenge mafizi amene adalipiridwa ndi ndalama zokonzera tsamba limodzi kawiri, koyamba motsata W3C, kachiwiri motsata malemu?

Mu 2005 gulu la Web Standards Project lidakonza mayeso otchedwa Acid2. Lidali tsamba limodzi: bulawuza yotsata miyezo inkaonetsa nkhope yachikasu yomwetulira. Safari idakhoza chaka chomwecho. Internet Explorer 6 inkaonetsa chisokonezo chofiira, zidutswa za nkhope zili mbwee. Anthu adaseka, koma pakati pa awiriwo amene adajambula nkhope yeniyeni ya wopanga mawebusaiti wa nthawi imeneyo ndi malemu. Kumwetulira kudadzafika ndi Internet Explorer 8 mu 2009, anthu atatopa kale kudikira.

Pali mlandu umodzi umene malemu adapambana ali kale m'bokosi, ndipo palibe wapepesa. Chilichonse pa tsamba la intaneti ndi bokosi. W3C idagamula kuti mukati bokosi likhale mapikiselo 100 m'lifupi, 100 imeneyo ndi ya zamkati zokha, mpata wa m'mphepete ndi makoma aziwonjezeredwa pamwamba pake. Ndiye mukaika mpata wa 10 mbali iyi ndi 10 mbali iyo, bokosi lanu la 100 limasanduka la 120 n'kugwetsera linzake mumzere wapansi. Internet Explorer 5 idati zimenezo n'zosamveka, 100 ndi 100, zonse zikwanire momwemo. Kwa zaka zambiri akatswiri ankati ichi ndi chilema, ankalemba nkhani zazitali zophunzitsana mozembera. Lero tsegulani CSS ya mawebusaiti ambiri, pafupi ndi pamwamba mupeza mzere wakuti box-sizing: border-box, umene ukuuza bulawuza kuti iyeze mabokosi monga ankayezera malemu. Ana omwewo amene amawanyoza pa Facebook amayamba ntchito m'mawa ndi kalamulo kameneka. Nayonso njira imene tsamba limalandirira uthenga watsopano popanda kutsegulidwanso lonse idachokera mu Internet Explorer 5 ya 1999. Izi pamwala uja sadalembepo, mwina malo adachepa.

Ngakhale zolakwa zenizeni zidalandira ulemu umene ife anthu sitiulandira. Tsamba likasowa kamzere ka DOCTYPE pamwamba, Chrome ndi Firefox za lero zimalowa mu quirks mode, n'kuyamba kutsanzira dala zina mwa zolakwa za mabulawuza a m'ma 1990 kuti masamba akale asasweke. Bungwe la WHATWG lidachita kulemba zolakwazo bwinobwino ngati muyezo, kuti onse azilakwa mofanana. Mukalakwa nokha amakudzudzulani. Mukalakwa pa makompyuta mamiliyoni ambiri, akuluakulu amakhala pansi n'kulemba kuti umu ndimo muyenera kukhalira.

Koma mphatso yaikulu imene malemu adasiyira dziko, imene ine ndimaikonda koposa zonse, ndi bodza.

Bulawuza ikamapempha tsamba, imatumiza kamzere kodzitchula kuti ndine wakutiwakuti. Kamzereko amakatcha user agent. Pakati pa zaka za m'ma 1990 Netscape inkadzitchula kuti Mozilla. Inkatha kuonetsa tsamba logawidwa m'zigawo, zimene ena sankatha, choncho eni mawebusaiti adayamba kusuzumira dzina: akaona Mozilla ankapereka tsamba labwino, akaona lina ankapereka lachabechabe. Internet Explorer itabwera inkatha zigawozo, koma inkapatsidwa lachabechabe chifukwa cha dzina. Akadatha kudikira kuti eni mawebusaiti asinthe. Malemu sadali munthu wodikira pamzere. Adangoyamba kunena kuti nawonso ndi Mozilla, dzina lawo lenileni n'kulibisa mkatikati mwa kamzereko. Zidatheka, ndipo ena adaona kuti zatheka.

Injini ya Firefox, chigawo chimene chimamanga tsamba pa sikirini, imatchedwa Gecko. Mawebusaiti atayamba kukondera Gecko, bulawuza ina ya pa Linux yotchedwa Konqueror, ya injini ya KHTML, idayamba kunena kuti ndi yofanana ndi Gecko. Mu 2003 Apple idatenga KHTML n'kupangira Safari, ndipo Safari idati ndine Mozilla, ndine AppleWebKit, ndine KHTML wofanana ndi Gecko. Mu 2008 Google idabweretsa Chrome, imene idanena zonsezo, n'kuwonjezera kuti ndi Chrome, n'kumaliza ndi kunena kuti ndi Safarinso. Edge ya lero, mdzukulu wa malemu, imalakatula mndandanda wonsewo, Mozilla, AppleWebKit, KHTML, Gecko, Chrome, Safari, kenako kumapeto kwenikweni n'kunong'ona kuti Edg. Chilembo chomaliza adachidula dala, kuti mawebusaiti asaisokoneze ndi Edge yakale.

Taganizani mlendo wafika kwa amfumu, amufunsa mfunda wake, iye n'kuti: ndine Phiri, mwana wa a Banda, wofanana ndi a Mwale, ena amanditcha Mbewe, kumudzi kwina ndine Tembo, koma dzina langa lenileni ndilinena pomaliza ndipo ndadulako chilembo kuti musandizindikire. Amfumu n'kugwedeza mutu, n'kulamula kuti amuyalire mphasa. Zimenezi zikuchitika nthawi iliyonse mukatsegula tsamba pafoni yanu, ndipo aliyense pabwalopo akudziwa kuti ndi bodza. Palibe angasiye, chifukwa woyamba kunena zoona ndiye amene mawebusaiti akale amukanize pakhomo.

Nkhaniyi imakoma kupita m'tsogolo. Bulawuza ya Opera itafika pa nambala 10 mu 2009 idapeza kuti mawebusaiti ena amawerenga nambala yoyamba yokha, ndiye akuiyesa Opera 1, nkhalamba yosatha kanthu. Idangodzichepetsa zaka, n'kumadzitchula kuti 9.80, nambala yeniyeni n'kuiika poteropo. Chrome ndi Firefox zitayandikira 100 mu 2022, mantha omwewo adabweranso. Koma amene adatseka mpikisano ndi mwini luso. Pofika 2013 mawebusaiti adali atazolowera kuti akaona zilembo za MSIE, dzina la malemu m'kamzere kaja, azipereka tsamba lopepuka la odwala. Internet Explorer 11, imene inkayesetsa kutsata miyezo, idachotsa zilembozo n'kuyamba kunena kuti ndi yofanana ndi Gecko. Amene adayamba ndi kunama kuti ndi mnansi wawo adamaliza ndi kudzikana okha. Ndipatseni wina amene adatumikira luso lake mokhulupirika chonchi.

N'zoona kuti adazunzidwa. Mu 2009 mainjiniya ochepa a YouTube adapangana mseri, osauza mabwana awo, n'kupachika uthenga woopseza ogwiritsa ntchito Internet Explorer 6 kuti posachedwa asiya kuthandizidwa. Mu 2012 sitolo ina ya pa intaneti ku Australia, yotchedwa Kogan, idaika msonkho wa 6.8 peresenti kwa aliyense wogula katundu kudzera pa Internet Explorer 7, ponena kuti kukonzera tsamba bulawuza imeneyo kunkawadyera ndalama. Nkhani iyi ndikuinena motsitsa mawu, kuopa kuti akuluakulu ena kuno angamve kuti pali msonkho umene sadauganizirebe.

Poti ndatchula akuluakulu, ndisabise. Mzimu wa malemu udapeza nyumba m'maofesi athu, ndipo ukudya bwino. Pali ofesi ina, sindiitchula, imene fomu yake ya pa intaneti ndimaitsegula ndikafuna kukumbukira masiku akale. Tsamba loyamba ndi chithunzi chachikulu cha abwana akudula riboni, chimene chimamaliza theka la bandulo chisanafike pa nsapato. Mukadutsa pamenepo, fomu imabwera yotambalala kuposa foni, batani lotumizira lili kwinakwake kumanja kumene chala sichifika. Mukaimba foni amakuyankhani mwaulemu wonse kuti, "Koma kuno ikutseguka bwinobwino, bambo." Ndi zoona, ikutseguka. Pa kompyuta yawo, pa sikirini yotakata, pa intaneti yolipiridwa ndi misonkho yathu. Mukaumirira amakufunsani ngati mwayesa pa laputopu, ngati kuti laputopu ndi chinthu chimene munthu amangobwereka kwa neba ngati machesi. Anthu ambiri amene fomuyo idalembedwera ali ndi kafoni kokha, ndipo ena amatsegulira pa Opera Mini, imene imapititsa tsamba kumakompyuta a kampani yake kuti likafinyidwe lisanafike pafoni. Ndi mmene imapulumutsira bandulo, ndiponso n'chifukwa chake masamba odzaza JavaScript nthawi zambiri amafika olumala. Wopanga fomuyo akadayesa kamodzi kokha pa kafoni ka mlonda wa pageti pawo, akadaona. Sadayese. Ndipo inu mukapirira mpaka kutumiza, uthenga womaliza umakuuzani kuti musindikize fomuyo, musaine, mubwere nayo nokha ndi mafotokope.

Apa ndiye kutamanda kwanga kumayamba kundikola pakhosi. Pali masamba ena, opangidwa konkuno ndi ana akonkuno, amene dzina la dziko lathu likalembedwa ndi ŵ limatuluka MalaÅµi. Chifukwa chake n'chochepa: malembawo adasungidwa mu UTF-8, koma tsambalo silidauze bulawuza, ndiye iyo yangolota kuti mwina ndi zilembo za ku Ulaya. Kamzere kamodzi pamwamba pa tsamba kakadathetsa zonse. Nanga a Ng'oma ndi a Ng'ambi adalakwira ndani? Fomu imawauza ndi zilembo zofiira kuti m'dzina lawo muli chizindikiro chosaloledwa. Munthu wabadwa nalo dzina, wabatizidwa nalo, wakwatira nalo, lero kompyuta ya boma lake ikuti ndi losaloledwa. Amangochotsa kachizindikiroko n'kusanduka a Ngoma, kenako kubanki akawauze kuti maina sakugwirizana. Izi malemu sadachite. Izi ndi zathu.

Anyamata a IT, achimwene anga, inu amene mumaseka kwambiri mukamva za Internet Explorer 6, tabwerani pafupi. Opera idasiya injini yake mu 2013 n'kutenga ya Chrome. Edge idachita chimodzimodzi mu 2020. Injini zazikulu zatsala zitatu: Blink ya Chrome ndi abale ake, WebKit ya Safari ndi Gecko ya Firefox. Inu mumapanga tsamba, mumaliyesa pa Chrome yokha, munthu wa Firefox akadandaula mumamuuza kuti asinthe bulawuza. Mawu amenewo ndi omwe aja a pa kachikwangwani kaja, mwangosintha dzina. Zidafika poti Firefox idayamba kumvera malamulo ena a CSS oyamba ndi -webkit-, olembedwera injini ya eni ake, chifukwa mawebusaiti ambiri a pafoni adalembedwa ngati kuti kulibe bulawuza ina padziko. Sukulu ya malemu mudaimaliza bwino, mwangokana kukatenga satifiketi.

Aneba anga okha ndiwo ali ndi mtima woyera pa nkhaniyi. Iwo adaphunzira kompyuta masiku a makafe a intaneti, ndipo mpaka lero amakhulupirira kuti chilembo cha e chabuluu chija ndiye intaneti yeniyeniyo. Mphwawo atachichotsa pa sikirini adamukalipira kuti wafufuta intaneti yonse ndi maimelo omwe. Mnyamatayo, pokhala wochenjera, adaika Chrome n'kuiveka chizindikiro cha e wabuluu, ndipo mtendere udabwerera pakhomo. Aneba amayamikira kuti masiku ano Explorer yawo ikuthamanga. Ine sindiwauza. Bulawuza yonama kuti ndi Safari, yonama kuti ndi Mozilla, yavekedwa nkhope ya Internet Explorer kuti inamize mwini nyumba, ndipo mwini nyumbayo akusangalala. Ngakhale a Microsoft ankawadziwa aneba angawa: Edge yoyamba ya 2015 adaipatsanso e wabuluu.

Ndiye inu abwana a fomu ija, musatekeseke ndi zonena za ana. M'kati mwa Edge muli IE mode, mmene injini ya malemu ikadali kutsegulira masamba a maofesi amene sadasinthe, ndipo Microsoft idalonjeza kuti iisunga mpaka 2029 kapena kupitirira. Nthawi ikadalipo. Chithunzi cha riboni chija chisiyeni momwemo, mwina mungochikulitsa pang'ono.